Nkhope imene ndinailemba ntchito

Abusa, amayi busa, abale ndi alongo, ndikulonjerani m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mawu akamanjenjemera mundipirire.

Ambiri mukudziwa kuti ndimagwira ntchito ku Loughborough, pa kampani yopanga mapulogalamu oyendetsera magetsi. Chaka chatha anandiuza kuti ndipeze munthu wina woti azigwira ntchito ya kampaniyi ali kunyumba kwake. Intavyu ndinachititsa ndine, pa vidiyo. Panabwera bambo waulemu, wodziwa ntchito, akuti amakhala ku Nottingham. Ndinamulemba. Ntchito ankaigwira bwino, tchuthi sankapempha, koma tikamuitana ku ofesi, chifukwa chokanira sichinkasowa.

M'mawa wina ndikungofika, abwana anandiitana. M'chipindamo munali mayi ndi bambo ochokera ku boma. Mayiyo anandifunsa, "Munthu uyu munakumanapo naye maso ndi maso?"

Ine ndinati, "Ayi, koma nkhope yake ndikuidziwa bwino."

Iye anati, "Nkhope imeneyo ilibe mwini."

Abale, ilibe mwini. Nkhope ndi mawu omwe, zonse zinali zopanga ndi AI, nzeru za kompyuta zija. Munthu weniweni anali kudziko lina lakutali, lolamulidwa mwankhanza, lomwe maiko analiikira ziletso. Boma lake limalowetsa anthu m'makampani mwa njira imeneyi, kuti malipiro azipita kwa ilo, komanso lidziwe pozimitsira magetsi a anzawo ikavuta nkhondo. Ndipo amene anatsegula chitseko ndinali ine.

Anandiimitsa ntchito tsiku lomwelo. Ankandiganizira kuti ndinali nawo mumgwirizano. Inu mukudziwa kuti viza yanga ndi ya ntchito imeneyi, ndipo bambo akunyumba ndi ana athu ali pa viza yanga. Ntchito ikatha, tonse tanyamuka. Ana sitinawauze. M'mawa ndinkavala bwinobwino, kukwera basi kwathu ku Beaumont Leys, kukakhala mu laibulale mutauni mpaka nthawi yoweruka. Muno ndinkabwera, mukandifunsa ndinkati tili bwino. Sitinali bwino, abale. Kupemphera kunkandikanika. Bambo akunyumba ndi amene ankandigwira dzanja n'kumati, "Iwe ungokhala chete, ndipemphera ndine."

Patapita miyezi anandiitananso. Ndinalowa m'chipinda chija. Mayi wa ku boma uja anati afufuza foni yanga, afufuza kompyuta yanga, sanapeze kanthu. Vidiyo ya intavyu anaionetsa akatswiri awo, ena mwa iwo sanazindikirenso kuti ndi yopanga. Komanso munthu uja anamutsekera asanafike pa zinthu zoopsa. Abwana anati, "Lolemba mubwere ku ntchito." Ndinalira pomwepo, pamaso pawo, osachita manyazi.

Koma pali china chimene Ambuye anandichitira. Mtima wanga unali utadzaza chidani pa munthu uja. Tikutuluka, ndinamufunsa mayiyo kuti ameneyu ndi ndani kwenikweni. Anati dzina sakulidziwa, koma anthu otere nthawi zambiri amakhala ndi owalondera, sachoka, ndipo akalephera, abale awo ndi amene amalangidwa. Pamenepo ndinakumbukira tsiku lina nditamuuza munthu uja pa vidiyo kuti ndangolankhula ndi amayi anga ku Ntcheu. Iye anati, "Ine anga sindinawamve mawu kalekale." Ndipo anazimitsa kamera. Kaya ananama, kaya ananena zoona, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti ine ndinabwerera kwa ana anga madzulo amenewo, koma iye sindikudziwa kuti anabwerera kwa ndani. Chidani chinachoka. Tsopano ndimamupempherera, ngakhale nkhope yake sindinaione. Amene anamuumba akuidziwa.

Zikomo Ambuye. Zikomo bambo akunyumba, inu amene munapemphera pamene ine ndinalibe mawu. Ana anga akhala apowo, nkhaniyi akuimva lero koyamba. Abale, imirirani, kondwerani nane, tiimbe limodzi.