Thumba la Pamimba Panga

Aulutsi, ndine mayi wolima kachewere ku Domwe. Atandichotsa matumbo aakulu, madotolo anandisokera kathumba kosungira chimbudzi m'kati, koma kanangokhalira kutupa ndi kundipweteka, ine kumunda osapita. Tsopano chimbudzi chimatulukira pamimba, m'thumba lomata.

Adotolo anandifunsa kuti, "Thumbali likhale la kanthawi tidzayesenso za m'kati, kapena likhale lamuyaya?"

Ndinapita nayo nkhaniyi kwa amalume, eni mbumba, poti zikuluzikulu kwathu amagamula ndi iwo. Iwo anati, "Mayi, za maukwati ndi maliro ndimazitha, koma izi ayi. Thupi ndi lanu."

Ululu wa m'kati uja ndikuuopa, thumbalinso sindikulifuna. Moyo wanga wonse akhala akundisankhira ena. Lero pamene ndikufuna wondisankhira, aliyense akuti ndisankhe ndekha.