Webusaiti ya Chiponde Changa Yasanduka ya Juga

Moni aulutsi ndi omvera nonse. Ine ndine mayi wa ku Kapata, ndimagulitsa chiponde. Nshawa zimachokera ku Chiparamba kwa alongo anga, osati zofumbwa zapamsikazi, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mwana wanga wamkazi wa ku Lusaka anandipangira webusaiti kuti anthu azioda. Posakhalitsa uthenga unagwa pafoni: "Dzina la webusaiti yanu litha mawa, lipirani lero." Ndinathamanga kukatumiza ndalama, thukuta lili kamukamu. Mwanayo atamva anakuwa, "Amama, amenewo ndi akuba! Dzinalo litha chaka chamawa. Muzingofufuta!"

Ndinamvera. Uthenga wotere ukabwera, ndifufuta. Ukabweranso, ndifufuta. Chaka chitatha unabwera weniweni, wochokera kukampani imene timalipirako dzinalo, ndinaufufutanso. Nanga ndikanadziwa bwanji? Akuba ndi eniake amalemba ngati anakhala benchi imodzi kusukulu!

Lamulungu lapitali amayi busa anandikokera pambali. "Amayi, za juga mwayamba liti?" Anandionetsa foni yawo. Dzina la webusaiti yanga lomwe lija, koma m'malo mwa chiponde muli mpira ndi kubetcha. Kani litatha, ena analigula. Ine, wakwaya zaka zonsezi! Manyazi ake, ngakhale kuyimba sindinayimbe.

Anzanga, lembani pakhoma tsiku lothera dzina la webusaiti yanu ndi kampani imene mumalipirako, musamadalire uthenga. Ine pano ndikupala mapepala pamabotolo ndi mpeni, chifukwa lililonse lili ndi dzina la webusaiti lija, likutumiza makasitomala anga kukabetcha.