Khadi la Bambo a Yami Lomwe Ndinakamatitsa Lamineti

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Inu akumbuyoko, kodi simunadye? Ndati Ambuye alemekezeke! Eya, tsopano ndamva.

Ine ndine mayi a Yami, ndimakhala kuseri kwa msika konkuno ku Monkey Bay. Amuna anga ambiri mumawadziwa, anali makaniki wa mainjini a maboti. Injini ikangotsokomola, asodzi ankathamangira kwathu. Kenako inabwera sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, sipanala osagwirika. Anadzuka, inde, koma munthu uja anangoti zii. Tsiku lonse pakhonde, maso pa khoma la aneba. Ukawafunsa kanthu, kungogwedeza mutu. Abale, bola mwamuna wolongolola kusiyana ndi wosayankhula. Ndinkaopa kuti ndiwataya ali moyo.

Mwana wathu Yamikani amagwira ntchito ya unesi ku America. Tsiku lina anatumiza kaphukusi kudzera mwa mnzake amene ankabwera kumudzi. Ine ndimati muli mankhwala, kapena nsapato zomwe ndakhala ndikupempha. Kutsegula, timakhadi! Timakhadi takalekale, pali zithunzi za azibambo ovala zipewa, atanyamula chibonga. Akuti masewera a besibo. Muno alipo anauonapo besibo? Palibe! Ndinati mwanayu sukulu yamuzunguza mutu.

Pa foni anawafotokozera bambo ake. Akuti lililonse ndi khadi la chaka choyamba cha wosewerayo, ndiye anthu kumeneko amawalimbirana. Akuti kuli akatswiri amene amaliyeza khadilo, kulipatsa malikisi kuyambira wani mpaka teni, kenako kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki wolimba, nambala ili pamwamba. “Adadi, a teni ndi a anthu olemera,” anatero. “Ife tiyambe ndi a thuu, a fili, otchipa. Limodzilimodzi.”

Basi zinayambika. Munthu amene sankayankha moni anayamba kulawirira patebulo ndi kagalasi kokulitsa zinthu. “Mayi a Yami, taonani kona iyi. Mayi a Yami, taonani chithunzi chapendekera.” Ine usipa ukundidikira kuti ndiyanike, iwo kona! Ine mvula ikubwera zovala zili pachingwe, iwo kona! Ndikuvomera pamaso panu, m'malo mothokoza kuti munthu wayamba kuyankhula, ndinkachita nsanje. Mayi wamkulu ngati ine, nsanje ndi kapepala.

Tsiku lina amuna anga anapita ku chipatala ku boma kukaonana ndi adokotala. Ine ndikupukuta fumbi pa shelefu, khadi limene ankalikonda kwambiri, la malikisi folo, lopambana onse, linagwa pansi. Kabokosi kaja kanang'aluka pakona. Ndinalitola msanga. Kenako ndinati, aa, kani pulasitiki wa ku America ndi wachabechabe chonchi? Kwathu kuno chinthu chofunika timachitani? Setifiketi ya sukulu, ya ukwati, khadi la ubatizo, zonse timakamatitsa lamineti kuti chinyezi ndi mphemvu zisaononge. Sichoncho kodi, amayi?

Ndinatenga pulayazi ya amuna anga omwewo. Kabokosi kaja ndinakaswa, ndi kapepala ka nambala komwe, zonse kudzala. Ulendo ku sitolo ya pafupi ndi depoti. Mayi wa pamakinapo anandiyang'ana n'kufunsa, “Mwatsimikiza, amayi?” Ine ndinati, “Matani, ndipo limatike zolimba.” Linatuluka lotentha, likuwala. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda monyada, ndikuti lero andiyamikira.

Amuna anga atafika ndinawapatsa ndi manja awiri. Analiyang'ana kutsogolo, analiyang'ana kumbuyo.

“Kabokosi kali kuti?”

“Ndataya, kanasweka.”

“Nanga nambala?”

“Zonse ndataya. Simukuona mmene lakongolera?”

Sanakalipe. Bola akanakalipa! Analiika patebulo pang'onopang'ono, kulowa kuchipinda, kugona moyang'ana kukhoma.

Ndinamuimbira Yami. Anakuwa, “Amayi, mwalipha! Pulasitiki ameneyo wamatirira, sachokanso, palibe angaliyezenso!” Ine ndinati, “Ndalipha? Linkapuma?” N'kudula foni.

Koma abale, masiku amene anatsatira ndi amene ndinaona mdima. Tsiku loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Sabata yatha, zii. Chakudya kungolawa, mankhwala mpaka kuwanyengerera. Pakhonde pomwe osatulukira. Ndinkaona munthu akuzima ngati nyale yotha mafuta, ndipo wozimitsa ndi ine. Ndinakangana naye Mulungu, sindinama. Ndinati, “Ambuye, munatipulumutsa ku sitiroko kuti tidzafere kapepala? Kapepala ka mzungu wa chibonga? Ayi, izi ndiye sindivomera!” Ndinakalipa, ndinakalipa, mpaka mawu anatha, kunatsala misozi. Pamenepo ndi pomwe mumtima munamveka kuti, iwe, mwamuna wakoyo unayamba wakhalapo pansi kumumvetsera?

Mmawa mwake ndinatenga makhadi otsala aja, kukakhala pabedi kumiyendo kwawo. Ndinanyamula limodzi, nambala ndikuiona bwinobwino, koma ndinanena mokweza, “Ili ndiye la teni ili.”

Zii.

“Makona ake obulungira bwino ngati mbale. Teni ndithu.”

Ndinangomva mawu kuchokera kukhoma, “Ndi la thuu.”

“Mwati bwanji?”

“Ndati ndi la thuu! Makona obulungirawo ndiye kutha kwakeko. Ndipo musagwire choncho, mugwetsanso!”

Aleluya! Chibadwire sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Anatembenuka, anakhala tsonga, anandilanda khadilo. Kenako anati, “Mayi a Yami, injini sindingathenso. Asodzi akudutsa pakhomo osaima. Ichi chinali chinthu chimodzi chokha chimene ndinkachidziwa kuposa aliyense m'tauni muno.” Abale, ndinalira. Ine pakamwa panga mumapadziwa, mawu oti pepani satuluka msanga, koma anatuluka. Ndinagwada n'kunena kuti pepani, ndinalakwa.

Lero makhadi akubwerabe, limodzilimodzi, otchipa omwewo. Kunena zoona, mpaka pano sindiona chokoma chake. Koma dzanja lawo limanjenjemera, ndiye kagalasi kaja ndimawagwirira ndine, iwo akuyang'ana, ine ndikuvomera kuti eya, kona yatha. Shelefu ija sindipukutanso, fumbi lake n'lawo. Akudya, akumwa mankhwala, akuseka.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandilange monga mwa kupusa kwanga. Ndipo lero sindinabwere ndekha. Zaka ziwiri simunawaone muno. Ali apo, benchi lachitatu, ovala jekete la buluu. Bambo a Yami, tanenani kanthu mpingo umve.

Mwamva? Akuti ndikhale pansi, ndalongolola mokwanira.

Zikomo Yesu! Ndilamuleni choncho, bambo, bola mawu azituluka. Ndakhala. Ameni!