Nthungululu pa Msonkhano wa Mainjiniya

Pa siteji ya maminibasi mu Sfax, amayi awiri osadziwana ankadikira kuti galimoto ya ku Mahdia idzaze. Wachikulireyo anali ndi kakhadi kolendewera m'khosi, ndipo wachitsikanayo ndiye anayambitsa macheza.

"Amayi, mwaiwala kuvula kakhadi ka kuchipatala."

"Si ka kuchipatala aka, mwanangu. Ndikuchokera ku msonkhano wa mainjiniya. Mwana wanga Dorsaf amayankhula kumeneko."

"Za chiyani?"

"Za zitsulo zikamakhulana n'kumadyeka, ngati mawondo angawa. Iyeyo wapanga girizi kuchokera ku zotsalira za maolivi, zija timataya tikafinya mafuta."

"Ndiye inu mumamva?"

"Chingerezi? Olo liwu limodzi. Koma ndaona ndi maso angawa azibambo aimvi, ena ochokera ku Japan, akulemba zonena za mwana yemwe amalume ake ankati sukulu imuphonyetsa banja. Atamaliza, anthu aja kuwomba m'manja ngati akuopa kudzutsa khanda. Ine ndinangoimirira n'kuimba nthungululu."

"M'holo ya hotela?"

"Momwemo, nthungululu yaitali bwino. Mzungu wina mpaka anathamangira kukhomo, ankayesa kwabuka moto."

"Nanga mwanayo anati chiyani?"

"Anandikokera panja. Akuti, 'Amayi, uno si ukwati, mwandichititsa manyazi.' Wandilumbiritsa kuti mawa akamalandira mphotho, pakamwa panga pakhale potseka."

"Pepani. Ndiye mwakhumudwa, mukubwerera kumudzi?"

"Kukhumudwa? Ndikukatenga azakhali ake anayi. Walumbiritsa ine, iwowo sanawalumbiritse."