Akuti Bambo Anga Anamenyedwa Hamala

Ndikulemba kuchokera ku Chintheche, mtima ukundiwawa. Bambo anga anapulumuka malungo, namondwe wa panyanja, ngakhale matenda aja anamaliza anzawo, mpaka anakalamba. Tsiku lina akusoka ukonde anangogwa, pakamwa kupotoka, mkono osagwira.

Azakhali anakuwa kuti, "Awamenya hamala ya ufiti! Ndi achimwene awo omwewa!"

Abale anathamangira nawo kwa sing'anga, ndipo bambo anga anafera komweko. Bambo aakulu anathamangitsidwa pamaliro a mng'ono wawo. Chaka chisanathe, nawonso anagwa chimodzimodzi m'munda wa chinangwa. Adokotala anati ndi sitiroko, chifukwa cha BP.

Masiku ano okalamba kwathu kuno akutha ndi BP, shuga ndi khansa, koma ndani akumva? Ine andiyeza, BP yanga yakwera. Azakhali ayamba kale kufunafuna woti adzamuloze chala.