Mayi Mildred Nikolasi ndi Mbaula ya m'Kashedi

Malemu amene tikuwaperekeza lero, Mayi Mildred Nikolasi, anabadwa pa 9 Okotobala 1961 ku Mulanje, m'banja la Bambo ndi Mayi Nakhumwa. Bambo awo ankasamalira maluwa kunyumba ya bwana wa esiteti ya tiyi. Kumeneko n'komwe malemu anadziwira maluwa otchedwa okidi, aja samera m'nthaka koma amakangamira pa khungwa la mtengo, mizu ili poyera.

Anayamba sukulu mu 1968, ndipo analekezera Fomu 2 mu 1978. Kenaka anabwera kuno ku Blantyre kudzaphunzira utelala. Pa 6 Ogasiti 1983 anamanga banja ndi Bambo Everson Nikolasi, mphunzitsi, ndipo mu 1990 analowa m'nyumba ino ya ku Soche. Kwa zaka zambiri ankasoka mayunifolomu pafupi ndi msika wa Zingwangwa. Maso atayamba kuwavuta mu 2015, anasiya makina n'kubwerera ku maluwa a ubwana wawo. Anayamba ndi tsinde limodzi lomwe anamangirira pa mtengo wa mango uli kuseri kwa tentiyi.

Amene timakhala m'munsi mwa phiri lino timachidziwa chiperoni, nkhungu yozizira ija. Okidi akakanthidwa ndi chisanu, masamba ake amada ngati apsa ndi moto. Poyamba malemu ankawafunditsa masaka dzuwa likamalowa, n'kuwavundukula likatuluka, ndipo m'miyezi yozizira sankawathirira madzulo. Ankakonda kuseka amuna awo kuti m'nyumba muno aphunzitsi okha ndi amene amadandaula za bulangete, maluwa amangolandira chomwe apatsidwa.

Mu Juni 2021 kunazizira mwachilendo, ndipo maluwa ambiri anafa. Malemu sanalire. Anangokhala pakhonde tsiku lonse, osadya. Atadzuka pamenepo anamangitsa kashedi ka mapepala a pulasitiki, n'kulowetsamo maluwa otsala. M'mawa kukazizira ankalowamo ndi mbaula ya makala, kutseka chitseko, n'kumasamalira maluwa mpaka dzuwa litakwera. Maluwa anachita bwino. Anthu ankabwera kudzagula a pa ukwati, ena kudzafunsa nzeru. Malemu sankabisa kanthu. Aliyense wofunsa ankamuonetsa kashedi ndi mbaula yomwe. Mwana wawo Phoebe anamanga kena kotero ku Machinjiri.

Kuyambira chaka chimenecho, mutu unkawapweteka nyengo yozizira iliyonse, nthawi zina ndi chizungulire. Kukayamba kutentha, zonse zinkatha zokha. Kuchipatala ankawayeza malungo ndi kuthamanga kwa magazi, osapeza kanthu. Za kashedi panalibe amene anaganiza zozitchula. Mphaka wa m'nyumba muno, yemwe ankawalondola paliponse, anayamba kuthera pakhomo pa kashediko. Bambo Nikolasi anaziona zimenezi kangapo, n'kumayesa kuti nyamayo yangokalamba.

Chaka chino, Juni ali pakati, malemu anatseka ndi nsanza timipata tonse ta kashedi tomwe tinkalowetsa mphepo. M'mawa wa pa 2 Julaye 2024 anadzuka mutu ukuwawa, ndipo amuna awo ananyamuka kukawagulira mankhwala ku Zingwangwa. Malemu anali pakhomo pa kashedi, mbaula ili m'manja, ndipo anati, "Valani juzi, aphunzitsi. Inu ndilibe saka lokufunditsani." Atatero analowa n'kukoka chitseko.

Anawapeza ndi mnansi wathu, Mayi Mwantumu Hussain, omwe anabwera kudzabweza sizasi. Ataodira kangapo osayankhidwa, anatsegula, n'kuwaona atagwetsa mutu pa benchi ngati akugona. Anawakokera panja okha, ndipo Bambo Hussain anawathamangitsira kuchipatala pa galimoto yawo. Malemu sanatsitsimukenso. Anatisiya pa 4 Julaye. Madokotala anauza banja kuti unali mpweya woipa wochokera ku makala, womwe suoneka ndipo sununkha.

Maluwa onse a m'kashedi ali moyo. Tsinde lija la pa mango, lomwe malemu sanalilowetse chifukwa linagwirana ndi mtengo, ankangolifunditsa saka, nalonso lili moyo, ndipo sabata ino lamasula. Banja lazula chitseko cha kashedi. Dzulo Phoebe anauza bambo ake kuti nayenso mutu wakhala ukumuwawa, ndipo kuti ankalowa m'kashedi kake ali ndi mwana kumbuyo. Kashediko akagwetsa. Koma banja silikudziwa onse amene malemu anawaphunzitsa. Ena muli pano, ena munaphunzitsanso anzanu. Julaye wangoyamba kumene, ndipo nkhungu iyo yayambanso kutsika m'phiri. Bambo Nikolasi sakonda kulankhula zambiri, koma apempha kuti mukafika kunyumba, mbaula ikatuluke panja musanavule nsapato.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Ramsey, Phoebe ndi Tithokoze, komanso zidzukulu zisanu. Banja likuthokoza a mpingo, amayi amene agona pa siwa, anamwino ndi madokotala, makamaka banja la a Hussain. Masaka a malemu tawaunjika pakhonde. Amene muli ndi okidi kwanu, tengani limodzi pochokera kumanda, ndi lokwanira.

Mzimu wa Mayi Mildred Nikolasi uuse mumtendere.