Amake Lukasi adatsika phiri

Abale mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Tsiku lija m'nyumba ya msonkhano ku Metangula tidalipo ine Barnaba wa ku Chiwanga, mkazi wanga Esitere, a padiri athu, akuluakulu ochokera ku Lichinga, ndi mwana wanga Mateyu atakhala patsogolo yekha. Kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kudali amake Lukasi a ku Maniamba kumapiri, amene sitidawaitane.

Mateyu adasankhidwa kuti akhale woweruza milandu. Mwana wa msodzi wa usipa, wanga ine! Koma asanam'patse mpando akuluakuluwo adafuna kumufunsa pamaso pa anthu za gireve ija ya ku univesidade, pomwe ophunzira adanyanyala chifukwa cha njala. Mateyu ndiye adali kutsogolo. Mnzake Lukasi adagwa pothawa, anthu n'kumuponda, n'kufa.

Lukasi ameneyo ankabwera kwathu pa tchuthi, ankayanika nafe usipa. Mpaka lero, dzuwa lili pamutu, ndimamuona ataima pa thandala. Amake chiyambire maliro sadatipatsepo moni.

Tsikulo lisanafike ndidamuchonderera Mateyu: ukangonena kuti chidali chibwana, basi. Sadavomere. Ine amene ndikaitana bwato ku Chiwanga amandimva mpaka ku Meluluca, mawu adandithera. Ndidagwada mu tchalitchi, n'kungoti mumtima Ambuye, mukudziwa ndinu.

Akuluakulu atamufunsa tsikulo, Mateyu adati: "Njala idali yoona, ndipo sindikana kuti tidanyanyala. Koma ndine ndidaitana Lukasi, ndipo zimenezo sizidzandichoka."

Akuluakulu adayang'anizana. Pamenepo amake Lukasi adaimirira, fumbi la msewu lili m'miyendo. Esitere adandigwira dzanja. Ndidati basi, mpando wapita, mayi uyu wabwera kudzatimaliza.

"Bwana, ine sindidziwa za gireve," adatero. "Kwathu munthu akafera kutali amangotibweretsera malaya ake. Uyu adabwera ndi mwana wanga yense, atakhala naye kumbuyo kwa lole, ena onse atabalalika. Ndidamutukwana pa manda, iye osachoka. Sindidamukhululukire bwinobwino, koma mlandu wanga ndingaupereke kwa iye."

Adakhala pansi. 

Mpando adam'patsa, abale. Mulungu adatuma munthu amene ine ndinkamuopa kuposa onse, ndipo ndikumuthokoza ndi mawu anga onse, poti mawuwo adabwerera. Inu amene mwagwada mpaka maondo atupa, musadzuke msanga. Thandizo lili m'njira, kaya litsikira phiri liti.

Titatuluka ndidafuna kufuula kuti boma lonse limve. Mateyu adandigwira phewa, maso ali kwa mayi aja, akumanga nsalu kuti ayambe ulendo wobwerera.

"Atate, lero musakuwe," adatero. "Mayi aja adaika mwana wawo m'manda, wanu ali pano. Tiyeni tikawaperekeze."